Batani lomaliza la alamu

Masewera athu timachitira pa tebulo langa lodulirapo nsalu, Loweruka masana ndikatseka shopu. Woyendetsa ndine. Ndimasimba za dziko la zilombo ndi mapanga, anzanga osewera nawo aliyense ali ndi msilikali wake m'nkhaniyo, ndipo akafuna kumenya mdani amaponya dayisi ya mbali makumi awiri. Nambala ikakula wamenya, ikachepa waphonya.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ankaphonya. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo patebulopo. Msilikali wawo anali ndi nkhwangwa, koma nkhwangwayo inatema mitengo, zitseko, tsiku lina bulu wa gulu lathu lomwe, mdani osamukhudzako. Aphunzitsi ndi anamwino, omwe timasewera nawo, ankati zilombo zikaona alamu zimakhala pansi n'kupumako kaye.

Nditaona kuti alamuwo ayamba kubwera mochedwa n'kumayang'ana pawindo, ndinakhazikitsa lamulo langalanga lomwe m'buku la masewerawo mulibe. Ndinati munthu amaphunzira chida polakwitsa. Choncho aliyense akaphonya ndizimuponyera batani m'kabotolo kake, ndipo mabatani akafika pamzere umene ndinajambula, ameneyo ndi katswiri wa chidacho, azimenya kawiri pamene ena akumenya kamodzi. Aphunzitsi anati lamuloli likulimbikitsa ulesi. Ndinawakumbutsa kuti tebulo ndi langa.

Alamu anasinthiratu. Ankafika woyamba, ndipo batani likalira m'botolo ankagwedeza mutu mokhutira. Ankaphonya mwakhama moti ndinayamba kuthothola mabatani pa malaya amene eni ake sanabwere kudzatenga. Kenako kuntchito kwawo anawauza kuti mwezi ukatha awasamutsira kutali. Apa n'kuti kwatsala batani limodzi kuti afike pamzere.

Ndiye mwayi unawagwera, popanda wowuitana. Chilichonse chimene ankatema chinkagwa. Anabwereka dayisi ya anamwino, anaponya ndi dzanja lamanzere, anaponya atatsinzina, koma zilombo zinkangofa. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo anati nkhonoyo nayo angaiphe. Anamwino anandinong'oneza kuti ndingoponyamo batanilo. Alamu anamva, ndipo anati ukatswiri wopatsidwa mwachifundo sakuufuna. Ndinkawamvera chisoni, komanso ankandipsetsa mtima, chifukwa adani amene ndinawakonza kuti ativutitse miyezi ankatha tiyi asanazizire.

Loweruka lomaliza, katundu wawo ali kale m'lole, ndinawabweretsera chinjoka cha mamba olimba, choti munthu wabwinobwino sangachilase. Ndinachita dala. Alamu anapukuta manja pa thalauza n'kuponya. Makumi awiri. Chinjokacho chinafa chisanamalize kutiopseza, ndipo palibe amene anaomba m'manja.

Alamu anayang'ana botolo lawo kwa kanthawi.

"Mtembo wake ulipo?" anafunsa.

"Ulipo."

"Ndikufuna ndiuteme."

Aphunzitsi anati mtembo sulewa nkhwangwa, ndiye palibe kuphonya. Ine ndinagamula kuti kuphonya n'kotheka, koma pokhapokha dayisi itagwa pa wani. Alamu anatema. Anatemanso. Mlongo wanga anaimba foni, iwo sanayankhe, kenako tinamva hutala ya lole panja. Tonse tinangoonerera munthu wamkulu, wa ana atatu, akuwaza njoka yakufa mosaphonya ngakhale kamodzi. Ine mtima unandiwawa. Batanilo ankalifunadi, koma ndinaona kuti chachikulu sankafuna kunyamuka pampando umenewo, ndipo nanenso sindinkafuna kuti anyamuke.

Hutala italiranso anaimirira, n'kuvala jekete lawo pang'onopang'ono. Anagwirana chanza ndi aphunzitsi, kenako anamwino. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Alamu," anatero kwa ine, "mtembowo musaukwirire. Sindinathane nawo."