Kamwala ka Pamphete ya Amayi

Amayi anasiya kuona kalekale, kenako anayamba kuiwala kuti ife ndife ndani. Ine mwana wawo ankanditchula "mayi inu", ngati mlendo. Chimene sanaiwale ndi mphete yawo. Ankakhala pawindo tsiku lonse, chala chachikulu chikusisita timiyala tobiriwira ta pamphetepo, ndipo timiyalato tikakhalapo tonse ankadya bwinobwino.

Tsiku lina kamwala kamodzi kanagwa. Tinasesa, tinakutumula zofunda, koma ayi ndithu. Amayi anakankha mbale.

"Mwandisinthira mphete," anatero. "Muno si mwanga. Sindidya kwa eni ake."

Ndinapsa mtima. Munthu wamkulu afe ndi njala chifukwa cha kanthu kochepa ngati kambewu ka shuga? Ndinadikira kuti awodzere masana, n'kuwavula mpheteyo, ulendo kwa mmisiri wina amene anthu amamutchula a Diso Limodzi chifukwa kagalasi koonera sikachoka padiso pawo.

"Timiyala iti si tokumba pansi ayi, n'tophika kufakitale," anatero atayang'anitsitsa. "Musachite manyazi, achemwali. Theka la maukwati m'tauni muno linamangidwa ndi magalasi."

Anatulutsa timaenvelopu n'kukhuthulira timiyala pansalu yoyera. Kuwala kwa dzuwa kunalowa pazenera, ndipo madontho obiriwira, ofiira ndi achikasu anayamba kuyendayenda kudenga, pakhoma, ngakhale pa dazi la a Diso Limodzi. Ndinaiwala chimene ndinabwerera. Ndinaona Amayi akale, maso ali gwa, akuyanika zovala kwinaku akuimba, mphete ikung'anima m'thovu la sopo. Ndikanatha kukhala m'menemo mpaka madzulo.

Kamwala ka saizi yake analibe. Ananditumiza kwa ogulitsa mikanda, iwonso ananditumiza kwa ena kuseri kwa msika, mpaka ndinakapeza m'kasitolo kam'mwamba konunkha guluu. Mtundu wake unali womwewo ndendende. A Diso Limodzi anaika kamwalako pamphete, ndipo ine mwini sindikanatha kuloza katsopanoko.

Kunyumba, Amayi anangokakhudza kamodzi n'kukoka chala.

"Kakubaya. Si kanga aka."

M'mawa mwake ndinabwerera, misozi ili m'maso. Amayi anali atangomwa madzi basi, milomo itayamba kuuma.

"Katsopano kamakhala ndi nsonga zakuthwa," anatero a Diso Limodzi. "Tinato tinasalala ndi chala cha mayi anu, zaka ndi zaka. Ndingakapale ndi makina, koma adziwabe. Makina sasisita ngati munthu."

Kagalasi kaja kanaloza manja anga.

"Nanga mukutani apo?"

Ndinayang'ana. Chala changa chachikulu chinali pa mphete yanga, kamphete kotchipa kamene ndinagula ndili mtsikana, chikuzungulira timiyala take mwakachetechete. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndimatero.

"Koma tangati n'tofiira," ndinatero.

"Mayi anu aona ndi chiyani? Bweretsani kuno."

Anatola kamodzi ndi kachitsulo kopanira. Kanali kosalala, kozilala ngati kasopo kotha, ndipo kanalowa m'malo muja ngati kanabadwira momwemo. Kofiira pakati pa tobiriwira, kunyansa kwake!

Kunyumba ndinagwada n'kuwaveka Amayi. Chala chawo chinayamba ulendo wake pang'onopang'ono, chinafika pakofiira paja, chinadutsa osaima, n'kuzunguliranso. Mapewa awo anatsika.

Ndinawayandikizira mbale ndipo ndinawagwira dzanja kuti ndiwapatse supuni. Sanaitenge. Anagwira dzanja langalo, chala chawo chinapeza mphete yanga n'kuyamba kusisita, mpaka chinagwera m'kabowo kamene kamwala kofiira kaja kanasiya.

Anatsonya, kutsonya kumene sindinakumve kwa zaka zambiri.

"Iwe mwana iwe," anatero, "udzasiya liti kutaya zinthu?"