Winston Atsegulira Anzake Seva

"A Winston, zatheka?" anafunsa Mayi Jenet, mkulu wa bungwe, atasuzumira m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga webusaiti yawo.

"Ndatsala pang'ono, mayi."

Kunena zoona, ntchitoyo sinali yovuta. Bungwe lawo la alimi a khofi linali ndi webusaiti, ndipo chiyambireni wotha kuikapo kanthu anali Winston yekha. Tsopano akuluakulu ankafuna kuti ayatse timapulogalamu tiwiri towonjezera pa seva: kena kolola anthu kulemba okha nkhani pawebusaitipo, kena koyang'anira amene waloledwa kutero. Koma iye ankangozengereza.

Winston anali wa ku Mulanje. Mkazi ndi ana anatsala komweko, iye n'kumakhala yekha m'nyumba ya lendi ku Msongwe, kumpoto kwa dziko, komwe kunali bungwelo. Mu ofesi anthu ankacheza m'Chitumbuka, ndipo iye akalowa ankasinthira ku Chichewa mwaulemu, nthabwala n'kuzizira pomwepo. Koma kukachipinda kake ankabwera okha, wina ndi chithunzi, wina ndi uthenga wa msonkhano. Podikira kuti aziike, ankacheza naye, mwina mpaka kumufunsa za ana.

Mayi Jenet atangochoka, analowa Malumbo, mlangizi wa alimi, nsapato zili matope okhaokha.

"Monire, a Winston! Ndamva lero mutimasula. Tatopa chomene kudzagwada kuno."

"Ndiye kuti mundithawa nonse," anatero Winston, akuseka ndi pakamwa pokha.

"Mutu umodzi susenza denga, akulu. Inu mukadwala malungo, webusaiti nayo imagona."

Winston anatembenukira ku kompyuta n'kuyatsa timapulogalamu tija. Anazimitsa seva, naiyatsanso, ndipo zonse zinayenda bwino. Anapatsa Malumbo mphamvu zolemba, Mayi Jenet zoyang'anira, aliyense ndi pasiwedi yake.

Kumapeto kunali kabokosi kena: nkhani iliyonse izidikira chilolezo cha Winston isanaoneke. Akanangochonga, anthu akanamabwerabe kudzamupempha, ndipo palibe akanadziwa kuti wachita dala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaganiza za Malumbo ali kutali kumunda, nkhani ya matenda a khofi ili m'manja, akudikira munthu wokhala mu ofesi. Anakasiya kosachonga.

M'mawa mwake kunja kunali mvula yamawawa. Palibe anagogoda. Dzuwa lisanakwere, nkhani ya Malumbo inatulukira yokha pawebusaiti, chithunzi chili chopendekeka pang'ono, koma mawu onse ali m'malo mwake. Kuseri kwa khoma Winston anamva anthu akuwomba m'manja, wina akuseka m'Chitumbuka.

Masana Malumbo anadutsa pawindo akuthamangira njinga yake yamoto.

"Yewo chomene, a Winston! Zikutheka!"

Winston anakweza dzanja, koma mnzakeyo anali atakhota kale. Analitsitsa pang'onopang'ono, n'kuyamba kusenda mbatata yake yootcha, seva ikungolirira pambali pake.