Bwalo Lopanda Fumbi

Malemu bambo anga ankadana ndi zinthu ziwiri, fumbi ndi chiswe, ndipo mankhwala ake anali amodzi. Oyilo wakuda amene ankatsitsa m'magalimoto a anthu ankamuwaza pabwalo la galaja ngati akuthirira mbewu, wotsala n'kumuthira m'tsinde mwa nsanamira. Bwalo lathu linkachita kunyezimira. Amakaniko anzawo ankabwera kudzaba nzeruyo, bambo n'kumawayendetsa manja ali kumbuyo ngati mwini bwalo la ndege.

Masiku amenewo galaja inali galajadi. Nyundo uku, wailesi uku, madalaivala akunamizana za maulendo amene sanayendepo. Bambo tinkangowamva mawu kuchokera m'dzenje lokonzera magalimoto: "Sipanala!" Ukawapatsa yolakwika inkabwerera yokha, chouluka.

Chaka chathachi madzi a pachitsime cha kuseri kwa mpanda, chimene timamwa ife ndi anansi athu, anayamba kuyandamitsa utawaleza. Tiyi ankamveka ngati waphikidwa mu injini. Kunabwera mtsikana woyeza dothi ndi madzi, chikwama chili tho ndi mabotolo, ife n'kungomutcha Mabotolo. Anaboola apa, anaboola apo, kenako anatipeza ine ndi amayi pampando wakale wa basi umene amayi amakhalapo m'galajamo chimwalirireni bambo.

"Njira zilipo ziwiri, amayi," anatero Mabotolo. "Yoyamba, tigwetse galajayi, tikumbe dothi lakuda lonseli, malole akalitaye koyenera, tithire latsopano. Madzi apansi tiziwapopa n'kumawasefa. Yachiwiri, galaja isakhudzidwe. Tibaye mapaipi pansi, tizilowetsamo mpweya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene tili m'dothimo tizidya oyiloyo pang'onopang'ono."

"Tizilombo todya mafuta?" ndinatero ine. "Achemwali, amenewo ndi madalaivala. Tinali nawo ambirimbiri pano, ndipo ankaoneka ndithu."

Amayi sanaseke. "Timadya msanga tizilomboto?"

"Ayi, amayi. Oyilo wa injini ngwouma mutu, zingatenge zaka. Nthawi yonseyo chitsime chikhala chotseka."

Ine ndinali nditalowa kale chipani cha tizilombo. "Amayi, titilembe ntchito basi. Sitidwala, sitipempha tchuthi, sitibwera kuntchito titaledzera. Bambo akanapeza antchito otere, bwenzi akadali moyo."

Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuona chimakina chikutafuna khoma limene bambo anajambulapo malo a sipanala iliyonse. Amayi nawo ndinawaona akusisita mpando uja ngati mphaka. Anangoti aganize kaye.

M'mawa mwake tinakhala pakhomo pa galaja. Panadutsa mpongozi wa aneba athu, mimba ili kutsogolo, ndowa ili pamutu, akuchokera kumpopi wa kutsidya kwa msewu waukulu. Anapereka moni akupuma wefuwefu. Amayi anamutsatira ndi maso mpaka anakhota.

"Iwe," anandiitana, "bambo ako akalakwitsa galimoto ya munthu ankatani?"

"Ankanamizira ine."

"Akatha kukunamizira?"

"Ankaimasula yonse n'kuyambiranso."

"Unawamvapo akuuza munthu kuti ayambe wayenda wapansi, adzabwere pakatha zaka? Kaitane Mabotolo."

Tsiku limene chimakina chokumba chinafika, tinatulutsa zitsulo, mpando wa basi ndi wailesi yakufa ija. Woyendetsa chimakinacho ataliza injini, amayi anakweza dzanja.

"Dikirani kaye, mwananga."

Anandigwira mkono n'kulunjika kudzenje. Moyo wawo wonse anali asanatsikemo. Iwo yawo inali kuima m'mphepete n'kupereka kapu ya tiyi kwa dzanja lakuda lotuluka pansi. Tinatsika masitepe oterera aja, ine ndikuopa kuti tikagwera limodzi. Atafika pansi anagwira khoma, n'kuyang'ana kumwamba kumene Mabotolo anaima. Tinkangoona nsapato zake ndi akakolo.

"Kani ankandiona chonchi?" anatero amayi. "Zaka zonse zija munthu uja ankacheza ndi miyendo yokhayokha?"

"N'chifukwa chake banja linalimba, amayi."

Anandimenya kambama ka paphewa, akuseka, maso atanyowa. Anaimabe pang'ono, kenako anati tikwere.

Titatuluka anadzipukuta manja n'kukodola woyendetsa uja.

"Yambani tsopano. Mukumbe mpaka dothi lisinthe mtundu, musachite ulesi. Koma dzenjeli likhale lomalizira, ndikhale nditalowa m'nyumba."