Miyezi Inayi Yokha ya Madzi Otentha

Eddie, wotsatsa malonda, anasiya pepala patebulo nati adzabweranso Lachisanu kudzatenga ndalama. Papepalapo panali makina otenthetsera madzi otchedwa hiti pampu, mtengo wake madiramu 4,800, ndalama za ku Dubai.

Clifford, mlonda pahotela ina ku Dubai Marina, anali atakopeka kale. "Amake Lulu, mwamva nokha. Bilu ya magetsi izitsika ndi 150 mwezi uliwonse. Zaka zitatu zisanathe, ndalama yabwerera. Komanso Eddie ndi wakwathu."

"Wakwathu ndiye kuti chiyani?" anatero mkazi wake Tawina. "Ndalama imeneyi ndi fizi ya Lulu ku Zomba. Munthu wolankhula mothamanga chonchija ine sindimukhulupirira."

Anatenga pepala lija kukagogoda kwa a Zefaniya, okonza zamagetsi, amene amachita lendi mbali ina ya nyumba yomweyo ku Al Qusais. Clifford anatsatira monyinyirika.

"Makinawa si abodza, alamu," anatero a Zefaniya atawerenga. "Amakoka kutentha kwa mumpweya, ndiye amadya magetsi ochepa kusiyana ndi giza, chotenthetsera madzi chimene muli nachocho. Koma giza yanu panopa ndi yoyatsa?"

"Julaye muno?" Clifford anaseka. "Tinazimitsa kalekale. Madzi a m'thanki ya padenga amawotcha okha ndi dzuwa."

"Pachaka mumayatsa miyezi ingati?"

"Disembala mpaka Malichi. Inayi."

"Eddie wawerengera khumi ndi iwiri. 150 kanayi ndi 600 pachaka. Kuti 4,800 ibwerere pafunika zaka zisanu ndi zitatu. Yolipira oika makina ndi yokonzetsera sanalembe n'komwe. Pangano lanu la lendi ndi lotalika bwanji?"

"Chaka chimodzi."

"Mwini nyumba wavomera? Akakusamutsani, makinawo mudzakwera nawo sitima ya Metro?"

Clifford anatenga pepala lija nalipinda.

Lachisanu masana Eddie anafika akupukuta thukuta. "Yalla, tiyeni achimwene, tisaine, khalas, zithe basi!"

"Bwerani kaye kuno," anatero Tawina. Anamutengera kubafa, natsegula mpope. "Ikani dzanja."

Eddie anaika, nalichotsa msangamsanga. "Mayo! Mukufuna kundisupula, mayi?"

"Umenewo ndi mpope wa madzi ozizira. Ndiuzeni tsopano, makina anuwa atsitsa bilu yanga ndi zingati mwezi uno?"

Eddie anayang'ana kwa Clifford kuti amuthandize. Clifford anamupatsa pepala lake lija. "Habibi, mnzanga, masamu ako ndi a kumayiko ozizira. Kuno ndi ku Dubai."

Tsiku lomwelo fizi ya Lulu inatumizidwa yonse.

Hiti pampu imathandizadi banja logwiritsa ntchito madzi otentha ambiri, m'nyumba imene likhalitsamo. Koma musanalipire, werengani nokha miyezi imene mumayatsa giza, muphatikize ndalama yoikira ndi yokonzetsera, mufunse mwini nyumba, muonenso zaka zimene mukhale pamalopo. Wogulitsa akamakufulumizitsani, inu chitani mwachifatse, ngakhale atakhala wakwanu. Amene munakhetsera thukuta ndalamayo ndinu.