Buledi Amene Amayi Sanalawe

Amayi anga, a Dinah, ndiwo ankaphika buledi wa Mgonero pampingo wathu kuno ku Vubwi, koma buledi ameneyo sanamulawepo. Anali mkazi wachiwiri wa atate, ndipo kwathu wapamitala sayandikira gome la Ambuye. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, kukanda ufa osayankhula ndi munthu, kukulunga buledi munsalu yoyera, kenako kukakhala pabenchi lakumbuyo pamodzi ndi ana.

Ine zimenezi zinkandinyansa, ndisaname. Anthu oti tonse tikudziwa kumene amamwera kachasu akutafuna buledi wa amayi, eni ake akumeza malovu!

Amayi atayamba kudwala pakhosi, ndinapita kwa a Nelson, akulu a mpingo, kukawapempha kuti amayi adyeko kamodzi kokha. Anandimvera chisoni, inde, koma anati lamulo si lawo. Lamulungu lotsatira ndinangonyema kachidutswa buledi asanapite kutchalitchi, n'kuwaikira amayi m'dzanja.

"Idyani, ama. Palibe akuona."

Anandiyang'ana ngati ndawaikira khala la moto.

"Iwe Mwandida, ukufuna kundipha? Mulungu ndi woyera. Za Iye sitidyera kuseri kwa khomo. Akafuna, adzandiitana poyera."

"Nanga Mulungu wanuyo sakuonani kuti mukutha?" ndinakalipa.

"Amandiona. N'chifukwa chake bwezera."

Ndinabwezera, kwinaku ndikulira ndi ukali.

Mvula itayamba, atate anamwalira, mitala n'kuthera pomwepo. Akulu a mpingo anakumana, anagwirizana kuti amayi ndi omasuka tsopano. Koma abusa amakhala kutali, ndipo mtsinje unali utadzaza, njinga yamoto sinkaoloka. Tinadikira. Amayi anasiya phala, kenako thobwa. Madzi omwe ankabwerera.

Abusa atafika, matope mpaka m'mawondo, amayi anati ndiwasambitse ndi kuwamanga duku loyera limene analisunga pansi pa sutukesi kuyambira ndili mwana. Buledi ndinaphika ndine, ndipo anapserera pansi. A Nelson anayala nsalu pampando. Abusa anapemphera, n'kutchula dzina la amayi poyera, anthu onse akumva.

Amayi analandira ndi manja awiri. Anaika pakamwa, anayesa kumeza, anayesanso. Misozi inatsika, pakhosi panakana. Ine ndinafuna kukuwa kuti mwachedwa nonsenu, inu ndi Mulungu wanu yemwe, koma amayi anandigwira dzanja.

Anatulutsa kachidutswako mosamala, n'kukakulunga pangodya ya mpango wawo kuti pasagwe nyenyeswa.

"Wamva, Mwandida? Andiitana ndi dzina," ananong'ona. "Usadandaule. Ndikadyera komweko."

Tinawaika Lachitatu, mpango uja uli m'manja. Tsopano buledi wa Mgonero ndimaphika ndine. Ine kugome ndimaloledwa, pakhosi panga ndi pabwinobwino, koma akandipatsa mbale ndimalephera kumeza.