Mwala Umodzi pa Tsiku

Chibayo chinamugwira Teleza nthawi ya chiperoni, chaka chimene azungu anagwetsa nkhalango ya kuseri kwa phiri n'kubzalamo tiyi watsopano. Chinamugoneka miyezi iwiri yathunthu. Podzuka pamphasa anali mafupa okhaokha, miyendo ngati mapesi. Kukatunga madzi ndi kamtsuko kakang'ono kokha, ankakhala pansi kawiri panjira.

Tsono Teleza anali wamasiye, ndipo nyumba yake ndi kamunda kake zinali pamalo a esiteti. Lamulo la pamenepo linali losanyengerera: khomo lililonse lipereke munthu wogwira ntchito, apo ayi pindani mphasa muone msewu. Pakhomo pa Teleza munthuyo anali iye mwini. Anabwera kuno ali kumsana kwa amayi ake pothawa Apwitikizi, ndipo kusamuka kumodziko kunamukwana.

Mwezi wa Ogasiti a Malizani, kapitao wa gulu lothyola tiyi, anafika kudzamuzonda. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kupukusa mutu.

"Mayi, ine sindibisa mawu. Mvula ikagwa tiyi aphukira, ndipo inu dengu simungakwere nalo chitunda cha kusikelo yoyezera tiyi chija. Ndilembe wina."

"Mulembe ndani? Mwandikwirira kale?"

"Taonani miyendoyo."

"Miyendo ndi yanga, a kapitao. Ndipatseni mpaka Khirisimasi."

"Iyayi! Mwezi umodzi."

"Mwezi umodzi ndine nkhuku yofungatira mazira ine? Mpaka mvula."

"Chabwino, mvula yoyamba."

"Ya chizimalupsa sitiwerenga, imeneyo ndi yozimitsa moto wa m'tchire basi. Ndikunena yobzalira."

A Malizani anaseka mpaka kutsokomola. "Inu mungagule mbuzi ndi dzira. Chabwino, yobzalira. Mukalephera chitunda tsiku limenelo, musadzandinene kuti ndine woipa."

M'mawa mwake Teleza anatenga dengu lake lothyolera, loberekera kumsana lija, n'kutsetsereka nalo kumtsinje. Njira yochokera kumeneko kufika pakhomo pake ndi yokwera, yofanana ndithu ndi chitunda cha kusikelo. Anatola mwala umodzi wokwana m'dzanja, n'kuuponya m'dengu. Umodzi wokha. Anakwera akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo pofika anaukhuthulira kumunsi kwa munda wake, n'kumanga mfundo imodzi pa luzi limene anapachika patsindwi. Tsiku lotsatira miyala iwiri, mfundo ziwiri. Za manambala a m'buku iye sankazidziwa. Ankangopita ndi luzi lake kumtsinje, chala pa mfundo, mwala m'dengu, chala pa mfundo, mwala m'dengu. Lamulungu lokha ndiye ankapuma.

Rhoda, mnzake woyandikana naye nyumba, wothyola naye mzere umodzi, sanachedwe kutsegula pakamwa.

"Achemwali, kodi mukumanga tchalitchi? Mutiuze tidzathandize kufolera."

"Ndikumanga miyendo."

"Ndi timiyala titatu? Aaa, pitani akakutemereni mphini m'mawondomo, mawa lomwe muthamanga ngati gwape."

"Inu anakutemerani chaka chatha. Gwape wake ali kuti?"

Amayi otsuka kumtsinje anafa nacho chiseko, Rhoda yemwe akuseka nawo. Teleza anangobereka dengu lake n'kumapita.

Zotsatira zake sizinkaoneka msanga, ndipo zimenezo n'zimene zinkamutopetsa kuposa chitundacho. Koma tsiku lina anazindikira kuti wadutsa chitsa cha mbawa chimene ankapumirapo, osakhala pansi. Tsiku linanso anapezeka akuimba nyimbo ya Chilomwe ali pakati pa chitunda. Njala inabwerera. Chinangwa ndi nandolo zimene kale zinkamukhalira pakhosi, tsopano ankapala ndi mphika womwe.

Ndiye kumapeto kwa Okutobala kunachita mdima masana, mvula n'kuwaza. Inali ya chizimalupsa chabe, fumbi silinathe n'komwe. Koma fungo la dothi lonyowa linamulowa Teleza mpaka mumtima. Rhoda anafuula ali pakhonde pake:

"Mwaimva? Mkulu wake ali m'njira! Nanga inu mudakali pa miyala ya ana?"

Ankangocheza, komatu mawuwo anamuluma. M'mawa Teleza anasiya luzi patsindwi, n'kukadzaza dengu mpaka pakamwa. Anafika nalo pachitsa cha mbawa. Pamenepo msana unati kwee, bondo linapinda, miyala inagubuduka kubwerera kwawo kumtsinje. Anafika pakhomo chokwawa.

Masiku atatu anagona. Rhoda anabwera ndi madzi otentha kudzamuthowa, manyazi ali tho.

"Ndi pakamwa pangapa, achemwali. Mundikhululukire."

"Pakamwa ndi panu, koma dengu ndinadzaza ndine. Thowani apa, kumunsiku."

Tsiku lachinayi anatsitsa luzi lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula mfundo zisanu. Zinamuwawa ngati akubweza nkhuku yogula kale. Koma thupi lake ankalidziwa yekha, ndipo linamuuza kuti liyambire pamenepo. Mitambo inkasonkhana masana alionse kumbali ya Mulanje, iye osaiyang'ananso. Mfundo imodzi, mwala umodzi.

Yobzalira inagwa pakati pa Novembala, masiku awiri osakata. Tiyi anaphukira, minda yonse ya esiteti n'kubiriwira mpaka kuwawa m'maso. Teleza analowa mumzere wake. Zala sizinaiwale: masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumsana, masamba awiri ndi kansonga. Dzuwa litafika pamutu a Malizani anaimba wezulo kuti onse apite kusikelo. Teleza anatula dengu kuti amangitse nsalu yake m'chiuno, n'kuliberekanso. Anaima. Analigwedeza.

"Ndani wanditapira masamba?"

"Mwayambatu," anatero Rhoda.

"Ndikufunsa! Dengu ili lapepuka. Pali wina watapamo ndili chotembenuka."

"Talitulani muone, mayi inu!"

Analitula. Linali lodzaza mpaka pakamwa, lotsenderedwa, lonyowa ndi mvula. Teleza analiyang'ana, n'kuyang'ana Rhoda, ndipo chiseko chinamutuluka chokha. Miyezi itatu akusenza miyala, anaiwala kuti tiyi ndi masamba.

Chitunda anachikwera osaima. Sanathamange ayi, athamangirenji? Anangoponda mmene ankapondera masiku onse, n'kupitirira atsikana awiri amene anaima pakati akupukuta thukuta. Pamwamba a Malizani anapachika dengu lake pasikelo, anayang'ana muvi, n'kuyang'ananso miyendo ija.

"Ndilembe wina?" anafunsa Teleza, akubwereza mawu awo aja.

"Chokani apa, mukutchinga anzanu," anatero iwo, akubisa mano.

Lamulungu lotsatira a Malizani anadutsa pakhomo pake pochokera kutchalitchi. Anaima kumunsi kwa munda, pamene miyala yonse ija inaunjikana n'kukhala mzere wofika m'mawondo. Mvula inakokolola minda ya anthu ambiri sabata imeneyo, koma dothi la Teleza linatsamira pamiyalapo, chimanga chake chitamera bwinobwino.

"Mayi, miyala yonseyi muchita nayo chiyani? Ndigawireniko ya maziko a khitchini yanga."

Teleza anali pakhonde akusenda chinangwa, miyendo atatambasula padzuwa. Sanadzuke n'komwe. Analoza ndi mpeni kumtsinje.

"Ili mbwee kumeneko, a kapitao. Dengu ndikubwerekani. Koma ndi mimba yanuyo, muyambe ndi umodzi."