Mabotolo a Callista

"Izi zokha ayi, alamu. Zipite kuchimbudzi," anatero a Laimoni, akukankha kabokosi ndi chala cha kuphazi.

Linali tsiku lachinayi chiikireni Callista m'manda ku Ligowe, ndipo a Laimoni, monga malume ake, ankagawa katundu wa malemu pakhonde. Nsapato zinapita kwa Mailesi, mng'ono wake wa Callista. Wailesi, yomwe inkangolankhula za zipani, inapita kwa a Laimoni eni ake. Kunatsala kabokosi ka timabotolo tisanu ndi kamodzi, kalikonse kali ndi kanthu koyera ngati phala louma.

A Gerishon, bambo ake a malemu, anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu asanapume. Ankadziwa kuti m'timabotolomo munali zaka zinayi za mwana wawo ku Japan. Chibwerereni Callista akudwala, iwo ankatisunga mumtsuko wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, ndipo mphunzitsi wina wa ku Zomba anali atalemba kalata kuti adzatitenga Loweruka. Koma pamwambo wotere mawu ndi a malume, ndipo mkazi wa a Gerishon, amene akanamuletsa mchimwene wakeyo ndi diso lokha, anali atamwalira kalekale.

"Ndi yisiti chabe, alamu," anatero a Gerishon.

"Yisiti? Munthu kukwera ndege kukaphunzira zofufumitsira masikono? Mailesi apa amaphika tsiku ndi tsiku pa boma, sanakwerepo ngakhale sitima."

"Ine ndinapempha kamodzi kuti ndiyesere, anandimenya dzanja," anatero Mailesi.

"Mwamva? Chinthu chokaniza m'bale wako. Anthu akunena kuti ndi zimene zinamudya. Mawa mudzamva kuti tasunga mankhwala m'nyumba muno."

A Gerishon anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Yisiti ndi kachilombo kamoyo, kakang'ono kwambiri. Kali ndi khungu, ndipo pakhungupo pali timakomo. Pali chakudya china, poliyamini, chimene kamafuna kuti kakule, koma chikachuluka chimakapha. Ndiye makomo ena amalowetsa, ena amatulutsa. M'kati mwake muli malangizo obadwa nawo omangira khomo lililonse. Callista ankachotsa langizo limodzi, n'kuona khomo limene latsekeka. Botolo lililonse ndi mtundu wake. Mukataya, palibenso kwina."

"Nanga adzachira nazo ndani?"

"Sindikudziwa. Iyenso ankati sakudziwa."

A Laimoni anapukusa mutu, nanyamula kabokosi kaja. A Gerishon sanadzuke. Anangoyang'ana phiri, manja ali pamaondo.

Pa sitepe kabotolo kamodzi kanagubuduka. Mailesi anakawakha kasanagwe pansi, n'kukatembenuza.

"Amalume, taimani. Dzina lanu lili apa."

Kunsi kwa botolo kunali kapepala ka zilembo zing'onozing'ono za Callista. Mailesi anawerenga mokweza: "Amalume Laimoni. Amameza chilichonse, sakhuta."

Amayi amene ankatsuka mbale pabwalo anaphulika kuseka. A Laimoni analanda botolo lija, naliyandikiza kumaso.

"Mwana wamwano! Ngakhale ku Japan ankandinena?"

"Langa nali," anatero Mailesi. "Mailesi. Amatulutsa zonse, sasunga kanthu." Anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje.

A Laimoni anakhala pansi, kabokosi kali pamiyendo. Analiyang'ana botolo lawo nthawi yaitali.

"Ndiye ine ndilowe m'chimbudzi? Ayi. Wa ku Zombayo mudzamufotokozere bwino kuti ameneyu azimudyetsa pa nthawi yake."

Mailesi anatulutsa botolo lina, naliwerenga chamumtima, n'kulipereka kwa bambo ake. A Gerishon anavala magalasi.

"Ababa. Khomo lotulutsira n'lotseka. Amasunga zonse m'kati, koma akukulabe. Muziwayang'anira."

Anawerenga kawiri. Kenaka anatsokomola pang'ono, nafunsa ngati tiyi wapsa. Mailesi atapita kukaona, anapukuta kabotolo kaja ndi mpango wawo, n'kukaika pakati pa tinzake.